Mwana wa wowotcha malasha ali ndi mfundo, timulole azilembe

Aphunzitsi a Chingerezi kuno ku Chongwe tili ndi funso limene timalikonda tikamakonzekeretsa ana a Giredi 12 ku mayeso: kodi boma liletse kuwotcha malasha? Timalikonda poti ndi nkhani ya pakhomo. Palibe mwana amene sanaonepo njinga zolemedwa ndi matumba zikukankhidwa pa zitunda za msewu wa Great East m'mamawa kulowera ku Lusaka. Koma mukasonkhanitsa makope madzulo mupeza chimangirizo chimodzi cholembedwa ndi manja osiyanasiyana. Mitengo ikutha, mvula ikuchepa, nthaka ikukokoloka, choncho boma lichitepo kanthu ndipo anthu aphunzitsidwe. Palibe bodza pamenepo. Chondipweteka n'chakuti pakati pa olembawo pali ana amene nsapato avalazo zinagulidwa ndi ndalama ya malasha. Loweruka amathandiza atate awo kukwirira uvuni. Amadziwa mtengo wa thumba kumudzi, mtengo wake likafika ku Chelston kapena ku Mtendere, ndiponso amene amadya phindu la pakatipo. Amadziwa kuti mombo ndi mtondo tsopano akuitsatira kutali kuposa kale. Zonsezi sizifika pa pepala. Mwanayo anaphunzira kalekale kuti zimene amadziwa si za kusukulu.

Ndaphunzitsa zaka zambiri m'dera lino la Amfumu Aakulu a Nkomeshya, ndipo ndikuona kuti ana athu timawaphunzitsa maonekedwe a mtsutso, mtsutso weniweniwo n'kuusiya panja. Timawapatsa ndondomeko: mawu oyamba, ndime zitatu, mathero. Timawaloweza mawu olumikizira, "firstly", "moreover", "in a nutshell", ndipo akawayala bwino timawapatsa mamakisi. Timabuku ta zimangirizo zachitsanzo timayenda m'manja m'manja, ana n'kumaloweza ndime zathunthu, kenaka amalowa m'chipinda cha mayeso akupemphera kuti funso lifanane ndi limene analoweza. Mwana wotere amakhoza, ndipo akakhoza ndimakondwera naye ndi mtima wonse. Koma mukamufunsa kuti, "Iwe ukuganiza bwanji, ndipo chifukwa chake n'chiyani?" amayang'ana pansi.

Chonsecho mwana yemweyo anakulira pakati pa anthu odziwa kutsutsana. Khalani pa bwalo la anyakwawa tsiku la mlandu wa malire a munda, kapena wa ng'ombe zimene zadya chimanga cha mnansi. Wodandaula amayamba n'kunena chimene akufuna. Woyankha amapatsidwa nthawi yake, osadulidwa pakamwa. Mboni ikaimirira, nduna imafunsa kuti, "Munaona ndi maso anu kapena munangomva? Munaima pati? Anakuuzani ndani?" Ndipo asanagamule, wamkulu wa bwalo amabwereza mawu a mbali zonse ziwiri mpaka aliyense avomere kuti inde, ndi mmene ndinanenera. Kalembedwe ka ku yunivesite kamene ana amakaopa kalibe china choposa pamenepa. Unene chimene ukufuna kutsimikiza, ubweretse umboni, utchule kumene waupeza, ufotokoze mwachilungamo zimene wotsutsana nawe akunena, ndiye umuyankhe. Ana ambiri a kumidzi kuno anakhalapo kumapeto kwa bwalo lotere akumvetsera. Luso alili nalo m'makutu. Ntchito yathu ndi kulitsitsira m'dzanja.

Chimene chimatsekereza ndi chinenero. Mwana wa kuno kwawo amalankhula Chisoli. Kumsika, m'minibasi ndi pa mpira amalankhula Chinyanja. Kuyambira mu 2014 ana a Giredi 1 mpaka 4 ankaphunzira m'chinenero cha chigawo, ndipo mwa zinenero zisanu ndi ziwiri zimene boma linasankha, Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale, Chisoli mulibe. Ife tinagwera ku Chinyanja. Ndondomeko yatsopano ya maphunziro imene inayamba mu 2025 yapatsa Chingerezi malo aakulu kuyambira pansi. Sindikulimbana ndi Chingerezi. Ndimachiphunzitsa, ndipo mwana wopanda Chingerezi dziko lino limamutsekera zitseko zambiri. Koma tikamuuza mwana kuti aganize, apeze mfundo, azisanje, ndiponso azilembe, zonse nthawi imodzi m'chinenero chake chachitatu, amasankha chimene angathe kupulumuka nacho. Amataya mfundo yake yovuta kufotokoza n'kutola chiganizo cholowezedwa chimene akudziwa kuti chilibe cholakwika. Ife n'kumati mwanayu saganiza, pamene iye anangoopa cholembera chofiira.

M'kalasi mwanga ndimayamba ndi pakamwa. Funso la malasha ndimalitaya pakati, n'kuwauza kuti alankhule m'chinenero chilichonse chimene mfundo ikubwera nacho. Phokoso limene limabuka simungakhulupirire kuti ndi ana omwe aja oyang'ana pansi. Wina amati mukaletsa ife tidya chiyani. Wina amati nanga mtsinje wa Chongwe ukauma tidzamwa malashawo? Ameneyo sakunena za m'buku. Anaona madzi a pa damu la m'tauni akuphwa mpaka matope kung'ambika, m'miyezi yomweyo imene timasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula, anthu akuthamangira magalimoto a mathanki ndi zigubu. Ndimalemba mfundo zawo pa bolodi mmene azinenera. Chingerezi chimabwera pambuyo, mfundo zitakhazikika, ndipo chimabwera mosavuta chifukwa tsopano mwana ali ndi chinthu chimene akufuna kuti chimveke.

Kenaka ndimawatuma kukasaka umboni, ndipo ndimafunsa funso la nduna lija: wadziwa bwanji? Mwana akalemba kuti "anthu ambiri amati", ndimamufunsa kuti anthu ake ati. Akafunse wowotcha malasha kuti uvuni umodzi umatulutsa matumba angati ndipo umatenga masiku angati. Akafunse azakhali ake a ku Kamanga kuti amagula malasha kangati pa mwezi, ndi chifukwa chimene saphikira pa magetsi. Apa ndi pamene nkhani za dziko zimalowa m'chimangirizo zili ndi ntchito. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse, ndipo nyumba za mu Lusaka zimene zili ndi sitovu zinabwerera pa mbaula. Chimanga chinapsa m'minda, mlimi n'kutembenukira ku mitengo. M'chaka chomwecho boma linaimitsa zilolezo zowotchera malasha m'maboma a Mumbwa, Shibuyunji ndi Itezhi-Tezhi. Mwana amene waika zinthu zimenezi pamodzi amayamba kufunsa yekha: ngati ofuna malasha achuluka, ndipo kwina aletsa, njinga zija zilowera kuti? Funso limenelo palibe kabuku kachitsanzo kamene kangampatse.

Lamulo langa lalikulu ndi limodzi. Usanayankhe wotsutsana nawe, lemba mfundo yake mwa njira yoti iye mwini ataiwerenga angavomere. Mwana amene akufuna kuti malasha aletsedwe ayenera kulemba ndime imene wowotcha malasha angati, "Eya, wandinenera." Mwana amene akuteteza atate ake ayenera kulemba ndime imene mayi wotunga madzi pa mtsinje wouma angavomere. Ndime imeneyi ndi imene imawavuta kwambiri, ndipo ndi imene imasintha chimangirizo chonse. Mtsikana wina, amene kwawo amadalira malasha, atalimbana nayo ndimeyi anafika pa mfundo yakuti chiletso chiyambire kukhitchini ya ku Lusaka: gasi atsike mtengo, magetsi akhale odalirika, ndipo uvuni wa kumudzi udzazima wokha posowa wogula. Mukhoza kutsutsana naye, ndipo anzake anatsutsana nayedi, ena akuti mitengo idzatha tisanafike kumeneko. Koma imeneyo inali mfundo yake, yochokera m'zimene anaona, ndipo anaiteteza m'Chingerezi chabwino kuposa chimene ankalemba poloweza.

Nkhani za atsikana ndi zimene ana amabisalamo kwambiri m'mawu a pa zikwangwani. Ukawapatsa mutu wa maukwati a ana, onse amalemba kuti ndi oipa ndipo makolo aphunzitsidwe. Apa mphunzitsi ayenera kusamala ndi kafunsidwe. Si funso lililonse limene lili ndi mbali ziwiri, ndipo sindingauze mwana kuti ateteze kukwatiwitsa mtsikana wa zaka 14. Lamulo linamanga kale: kusintha kwa lamulo la maukwati kwa mu Disembala 2023 kunaika zaka 18 pa ukwati uliwonse, ngakhale wa mwambo. Mtsutso weniweni uli pa zotsatira. Kuyambira mu 1997 dziko lino limalola mtsikana amene watenga pathupi kubwerera kusukulu akabereka. Nanga n'chifukwa chiyani ena sabwerera? Khanda limatsala ndi yani? Abwerere pa sukulu yomweyo pamene onse akumudziwa kapena asamukire kwina? Nanga atsikana amene amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu chifukwa kwawo n'kutali, amawayang'anira ndani usiku? Mnyamata amene anapereka pathupi achitidwe chiyani? Pa mafunso awa ana amagawikana zenizeni, ndipo atsikana amene amakhala chete chaka chonse amadzutsa dzanja, chifukwa akunena za mnzawo amene mpando wake uli wopanda munthu. Ndimawaletsa kutchula maina, ndipo zimenezonso ndi phunziro: umboni wa moyo wa munthu wina umagwiridwa mwaulemu.

Makolo ena anandifunsapo kuti, "Aphunzitsi, kodi simukuwaphunzitsa mwano anawa?" Nkhawa imeneyi ndimailemekeza, chifukwa nanenso ndine kholo. Koma mwano ndi kuyankha usanamve. Mwana amene wazolowera kubwereza mfundo ya mnzake mwachilungamo asanaitsutse ndi amene amamvetsera bwino akulu akamalankhula. Achinyamata amene amatukwana anthu pa Facebook sanaphunzitsidwe mtsutso mopitirira muyeso, sanauphunzitsidwe n'komwe. Ena amaopa ndale. Yankho langa n'lakuti m'kalasi mwanga simulowa dzina la chipani, ndipo mamakisi sapita kwa amene wagwirizana ndi ine. Ndapatsapo mamakisi apamwamba zimangirizo zimene mathero ake sindigwirizana nawo, ndipo ana amayenera kuona zimenezo ndi maso awo kuti akhulupirire kuti ndi omasuka.

Dandaulo limene ndi lolemera ndi la aphunzitsi anzanga. Chiyambire maphunziro aulere mu Januwale 2022 ana abwerera kusukulu mwaunyinji, chinthu chabwino kwambiri, ndipo ngakhale boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho, makalasi ambiri ndi odzaza mpaka pakhomo. Ndani angachonge zimangirizo zonsezo sabata iliyonse, madzulo opanda magetsi? Palibe. Koma sikofunika chimangirizo chathunthu nthawi zonse. Ndime imodzi ndi yokwanira: mfundo, umboni, ndi kumene umboniwo wachokera. Ana asinthane makope, aliyense alembe m'mbali mwa ndime ya mnzake mafunso awiri okha, "Wadziwa bwanji?" ndi "Wotsutsa anganene chiyani?" Mphunzitsi atole makope ochepa, awerenge mokweza osatchula mwini, kalasi yonse ikonze. Chimangirizo chathunthu chibwere kamodzi pa mwezi, ndipo chilembedwe kawiri. Kulemba kachiwiri ndi kumene ana athu sakudziwa. Amaganiza kuti kubwerera pa zimene walemba ndi chilango.

Mafoni abweretsanso china. Chiyambire ChatGPT kumapeto kwa 2022, mwana amene ali ndi foni ndi mabando angalandire chimangirizo chosalala pa mutu uliwonse wa m'buku m'kanthawi kochepa. Aphunzitsi ena akuti tibwerere kolembera m'kalasi mokha. Ine ndikuti tisinthenso mafunso. Ukafunsa za kuipa kwa kudula mitengo, foni iyankha. Ukafunsa ngati komiti ya mjigo wa m'mudzi mwanu ichita bwino kulipiritsa nyumba iliyonse mofanana, ya nkhalamba yokhala yokha ndi ya mwini ng'ombe zambiri, mwana ayenera kupita kukafunsa anthu, ndipo ukamuitana kutsogolo kuti ateteze zimene walemba, zimadziwika msanga ngati ndi zake.

Chimene ndikulimbikira chonchi n'chakuti kuno kwathu zinthu zikutayika ndi kupulumuka pa pepala. Ana ambiri a ku Chongwe sadziwa mbiri ya nkhalango ya Forest 27, kum'mawa kwa Lusaka, kumene kumachokera mtsinje wa Chalimbana umene umathira mu Chongwe. Mu 1983 boma linachotsa chitetezo pa nkhalangoyo. Mitengo itagwa, mtsinje unayamba kuphwa, ndipo anthu a m'mbali mwake analemba chikalata cha dandaulo, n'kusonkhanitsa masiginecha. Mu 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba anabwezera nkhalangoyo m'chitetezo. Mlandu suola: pakati pa 2017 ndi 2019 zigawo zina zinachotsedwanso kuti pamangidwe nyumba, ndipo bungwe la Chalimbana River Headwaters Conservation Trust pamodzi ndi anthu ena linatengera nkhaniyo kukhoti. Pa ulendo uliwonse, chimene chinaimira mlimi wa kumunsi kwa mtsinje chinali cholembedwa: apa pali kasupe, apa pali minda, madzi anali otere, tsopano ali otere, lamulo likuti chakuti, ndipo omanga akuti chakuti koma yankho lathu ndi ili. Chimenecho ndi chimangirizo cha mtsutso. Wina anachilemba, ndipo wina adzafunika kulemba chotsatira.

N'chimodzimodzi ndi malo. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a mwambo asinthidwe kukhala a pepala, mfumu ndi khonsolo zikavomera. Lusaka ikukula kulowera kuno, ndipo Amfumu a Nkomeshya Mukamambo II, amene ali pa mpando kuyambira mu 1971, akhala akulankhula za malo a Asoli kwa zaka zambiri. Wogula amabwera ndi loya, ndi mapu, ndi makalata osanjidwa bwino. Mayi wamasiye amabwera ndi choonadi chimene mudzi wonse ukuchidziwa, koma chosalembedwa. Ngati mdzukulu wake amene anamaliza Giredi 12 sangathe kukhala pansi n'kulemba tsamba limodzi lomveka, lonena amene analima mundawo, kuyambira liti, mboni zake ndani, ndi chimene banjalo likupempha, ndiye kuti zaka zake za kusukulu sizinathandize nyumba imeneyo pa tsiku limene inkamufuna. Ndalama za chitukuko cha konsitityuwensi (CDF) nazonso, zimene zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi iliyonse mu 2022, zimadutsa m'mapepala opita ku komiti ya chitukuko ya wadi. Mudzi umene uli ndi munthu wotha kufotokoza chifukwa chake mlatho wawo uyenera kutsogola, ndi chiwerengero cha ana amene amajomba mtsinje ukadzaza, umamveka msanga kuposa umene wangolemba kuti tikuvutika.

Tili ndi mwayi umene maboma ena alibe. Ku Chalimbana, pakati pathu pomwe pano, akhala akusula aphunzitsi kuyambira mu 1939, ndipo mu 2013 malowo anakhala yunivesite. Pempho langa kwa aphunzitsi a kumeneko n'lakuti wophunzira aliyense, kaya adzaphunzitsa masamu kaya za ulimi, asatuluke asanalembe chimangirizo chimodzi cha mtsutso pa nkhani ya m'midzi yozungulira sukuluyo, ndi umboni umene wausaka yekha ndi miyendo yake, n'kukachiwerenga pamaso pa anthu amene chikuwanena. Kutchula magwero kuphunzitsidwe ngati yankho la funso loti anakuuza ndani, asanafike pa malamulo a pamene pakhala mpumiro ndi chaka. Mphunzitsi amene sanatetezepo mfundo yake pa pepala sangaphunzitse mwana kutero. Adzabwerera ku ndime zitatu ndi mawu olumikizira, poti ndi zimene iyenso anapatsidwa.

Kwa a Examinations Council of Zambia ndili ndi pempho laling'ono, chifukwa mphunzitsi amaphunzitsa zimene mayeso amalipira. Pa funso la mtsutso, ikani mamakisi oonekera pa zinthu ziwiri: chitsanzo chenicheni chochokera kumene mwana amakhala, ndi ndime yofotokoza mbali inayo mwachilungamo. Lembani zimenezo m'malangizo amene amafika kusukulu, kuti mwana wa ku Kanakantapa adziwe kuti kutchula uvuni wa atate ake kudzamuonjezera mamakisi. Ndipo pa pepala la Chinyanja, pamene ana amalemba kwambiri makalata ndi nthano, funso la mtsutso lipatsidwe kulemera kofanana ndi kwa pa pepala la Chingerezi, chifukwa ambiri mwa makalata amene anawa adzalemba m'moyo wawo, opita kwa anyakwawa, ku komiti ya sukulu ndi ku kopaletivu ya feteleza, adzawerengedwa mokweza pamaso pa anthu olankhula Chisoli ndi Chinyanja.